Ndawala ya ku Kanengo inandichotsa tulo pa buku

Ndimakhala ku Mgona, ndipo ndimagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pakampani ina ku Kanengo. Tsiku lonse ndimakhala pampando. Nditalembetsa sukulu yamadzulo kuti ndibwereze mayeso a MSCE, ndinapeza kuti mdani wanga wamkulu sanali masamu ayi, koma tulo. Ndikangotsegula buku, maso ankalemera. Funso limodzi ndinkaliwerenga katatu, maganizo ali pa lendi. Tsiku lina mkazi wanga atandipeza ndikuwodzera cholembera chili m'manja, anati: "Bambo a Chisomo, ndalama za fizizi tikungotaya."

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Zinthu zinakwera mtengo, ya kabaza inayamba kundisowa. Ndinayamba kupita kuntchito wapansi, ndawala yeniyeni poopa kuchedwa: mphindi 35 popita, zinanso pobwera. Masiku oyamba ndinkafika ndili wefuwefu, malaya atanyowa ndi thukuta, manyazi ali tho.

Patatha mwezi ndinadabwa kuona kuti ndikutha ola lathunthu ndili pa masamu, osadzuka, osagwira foni. Usiku tulo tinkabwera msanga, m'mawa mutu uli wopepuka. Ngakhale kuntchito ndinasiya kusokoneza manambala a matumba.

Nditawafotokozera aphunzitsi athu a Biology, sanadabwe. Anati ubongo ndi gawo laling'ono, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake. Munthu akamayenda mofulumira, mtima umapopa magazi ambiri, ndipo magaziwo ndiwo amatengera mpweya ndi chakudya ku ubongo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ine umphawi unali utandipitiritsa kale pamenepo.

Koma ndisakunamizeni, ndawala si mankhwala a njala. Tsiku lomwe ndayenda m'mimba muli pululu, mutu sugwira kanthu. Kambatata kapena kaphala m'mawa n'kofunika.

Mayeso ndinalemba mu 2024, ndipo masamu, omwe anandigwetsa kale, ndinakhoza ndi mapointi 6. Lero ya kabaza nthawi zina imapezeka, koma ndimayendabe. Anzanga amene mukubwereza Fomu 4, musanadzitche mbuli, yesani kuyenda ndawala kwa mwezi umodzi musanakhale pa buku.