Masiku a Kunja kwa Mpanda

M'mwezi wa Juni chaka cha 1968, chipata cha ndende yaikulu ya chigawo cha Iowa, m'dziko la America, chidatsegulidwa kuti mkaidi wina dzina lake John Morrissey atuluke. Ndendeyi idali mumzinda wa Fort Madison, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. Morrissey adaweruzidwa m'chaka cha 1967 atavomera mlandu wa chinyengo cha macheke, ndipo bwalo lamilandu lidagamula kuti akhale m'ndende zaka zosapitirira 7. Aliyense wodziwa kuwerengera atha kuona kuti potuluka paja n'kuti zaka zake zisadathe. Sadathawe ndiponso sadakhululukidwe. Adatuluka pa dongosolo lotchedwa parole.

Dzina limeneli lidachokera ku Chifalansa ndipo limatanthauza mawu, makamaka mawu a lonjezo amene munthu waulemu wake sangawabweze. Mkaidi amaloledwa kukamalizira chilango chake kwao, pakati pa abale ake, malinga asunge malamulo amene wapatsidwa. Ayenera kumakaonekera kwa womuyang'anira pa nthawi yoikika, kumudziwitsa kumene akukhala, kugwira ntchito yodziwika, ndi kupempha chilolezo asanatuluke m'dera lake. Masiku amenewo ambiri ankaletsedwanso kuyendetsa galimoto, kukongola ndalama, ngakhale kukwatira kumene popanda chilolezo. Munthu wotere ali ngati mbuzi ya pachingwe: imadya msipu wobiriwira monga zinzake, koma pofika pamene chingwe chathera iyenera kubwerera.

Maganizo otulutsa mkaidi nthawi isanakwane ngakale ndithu. Mu 1840, Alexander Maconochie adapatsidwa udindo woyang'anira akaidi pa chilumba cha Norfolk, kum'mawa kwa Australia, kumene Angerezi ankatayako anthu amene ankawayesa osatheka. Iye adakhazikitsa njira yoti mkaidi azisonkhanitsa malikisi chifukwa cha ntchito ndi khalidwe labwino, ndipo malikisiwo ndiwo ankamufupikitsira ulendo wa ku ufulu. Walter Crofton adakuza njirayi m'ndende za ku Ireland kuyambira mu 1854, ndipo Zebulon Brockway adaigwiritsa ntchito ku Elmira, m'chigawo cha New York, pa ndende imene idatsegulidwa mu 1876. Onsewa adazindikira kuti munthu amene wakhala zaka zambiri akuuzidwa nthawi yodzuka, yodya ndi yogona sangaphunzire kudzilamulira tsiku limodzi. Ayenera kuzolowera pang'onopang'ono, wina akumuyang'anira.

Ufulu wa Morrissey udakhala miyezi 7 yokha. Womuyang'anira adalamula kuti amangidwe m'tauni yakwao, ndipo adatsekeredwa m'ndende yaing'ono ya m'deralo. Lipoti limene mkuluyo adalemba lidati Morrissey adagula galimoto pogwiritsa ntchito dzina labodza ndi kumaiyendetsa popanda chilolezo, adanamiza apolisi za kumene ankakhala ndi za inshuwalansi atachita ngozi yaing'ono, adatenga ngongole pa dzina losakhala lake, ndiponso sadadziwitse womuyang'anira malo amene ankagona. Lipotilo lidanenanso kuti zina mwa izi mwiniwake adazivomera. Patangotha sabata imodzi, bungwe la parole la ku Iowa lidawerenga pepalalo n'kuthetsa parole yake. Adamubwezera ku Fort Madison, mtunda wa makilomita pafupifupi 160 kuchokera kwao.

Munthu akabwezedwa motere, funso loyamba mumtima mwake limakhala la chiwerengero cha masiku. Zaka zimene adakhala kale m'kati mwa mpanda palibe angazifufute. Masiku amene wakhala m'chitokosi podikira chigamulo nawonso kawirikawiri amawerengedwa. Nkhani imagona pa masiku a kunja, aja amene ankadzuka pa mphasa yake, kupita ku ntchito ndi kukaonekera kwa womuyang'anira. Kodi masiku amenewo adali chilango kapena ufulu? Ngati adali chilango, ayenera kuchotsedwa pa zaka zotsala. Ngati adali ufulu wobwereka, wobwereketsa atha kuulanda wonse ngati kuti sudakhalepo.

Kusiyana kwa mayankho awiriwa kumaoneka bwino pa chitsanzo cha masamu. Munthu wina wagamulidwa zaka 10. Wakhala m'ndende zaka 4, ndipo watulutsidwa pa parole atatsala ndi zaka 6. Kunjako wasunga malamulo onse kwa zaka 5, koma kumapeto kwa chaka chachisanucho wapita ku maliro a mbale wake m'chigawo china osapempha chilolezo. Kumene masiku a kunja amawerengedwa, munthuyu akabwezedwa watsala ndi chaka chimodzi chokha. Kumene sawerengedwa, watsala ndi zaka 6 zonse zija, monga zidalili pa tsiku limene adatuluka. Potero munthu amene woweruza adamupatsa zaka 10 akhoza kukhala m'manja mwa boma zaka 15, chonsecho palibe mlandu watsopano umene bwalo lamupeza nawo. M'masiku a Morrissey, njira yachiwiriyi ndiyo idali yofala ku America.

Amene amaikira kumbuyo njira yowawayi ali ndi mfundo zawo. Iwo amati parole ndi pangano, ndipo wophwanya pangano sangafunsenso phindu lake. Amatinso ngati masiku a kunja awerengedwa onse, mantha a mkaidi amacheperachepera pamene zaka zikutha, kotero kuti m'miyezi yomaliza sasamalanso za womuyang'anira. Anthu amene adalakwiridwa ndi mkaidiyo nawonso ali ndi ufulu woona kuti boma silikusewera ndi chilango. Mlandu suwola, ndipo amene adaberedwa ndalama zake saiwala msanga.

Komabe otsutsa amayankha kuti munthu wa pa parole sali mfulu ngati anzake. Sangasamuke, sangasiye ntchito, sangachezere aliyense amene wafuna, ndipo womuyang'anira amatha kufika pakhomo pake nthawi ina iliyonse. Zaka zokhala motero ndi mtolo ndithu, ndipo kuzifufuta ndiko kumusenzetsa munthu mtolo umodzi kawiri. Amaonjezanso kuti lamulo lotere limalanga kwambiri amene adayesetsa nthawi yaitali. Wophwanya malamulo pa sabata yoyamba amataya sabata imodzi, pamene wopunthwa patatha zaka 5 amataya zaka 5. Chilungamo chotani chimene chimapweteka wopirira kuposa wopupuluma?

Morrissey sadadandaule za kawerengedwe ka masiku. Dandaulo lake lidali loyambirira kuposa pamenepo: adati parole yake idathetsedwa iye asadapatsidwe mpata wodziyankhira. Mlandu wake udaphatikizidwa ndi wa mkaidi wina wa ku Iowa komweko, dzina lake Booher, amene adagamulidwa zaka zosapitirira 10 mu 1966, kutulutsidwa mu Novembala 1968, n'kubwezedwa mu 1969 chifukwa cha lipoti la womuyang'anira. Mabwalo aang'ono adawakanira onse awiri. Kaganizidwe ka nthawi imeneyo kadali kakuti parole ndi chifundo chabe cha boma, ndipo wopereka chifundo atha kuchibweza osafotokozera munthu aliyense.

Pa 29 Juni 1972, bwalo lalikulu kuposa onse m'dziko la America lidapereka chigamulo chake pa mlandu wa Morrissey ndi Brewer, amene adali mkulu wa ndende ya Fort Madison. Mkulu wa oweruza, Warren Burger, ndiye adalemba chigamulocho. Bwalolo lidavomereza kuti munthu wa pa parole alibe ufulu wonse umene woimbidwa mlandu watsopano amakhala nawo. Koma lidaonanso kuti munthuyo amakhala ndi banja, ntchito ndi abwenzi, ndipo kumulanda zimenezi ndi kutaya kwakukulu. Lidakumbutsa kuti wobwezedwa nthawi zambiri sawerengeredwa masiku amene adakhala kunja, kotero kuti angathe kukhalanso m'ndende nthawi yaitali. Chinthu cholemera chotere sichiyenera kugamulidwa ndi pepala la munthu mmodzi.

Choncho bwalolo lidalamula kuti pakhale magawo awiri. Poyamba, munthu akangomangidwa, wina amene sadakhudzidwe ndi nkhaniyo aimve mwachangu, pafupi ndi kumene akuti cholakwacho chidachitikira, mboni zikadalipo ndiponso zisadaiwale. Kenaka pakhale kumva kwenikweni pasanapite nthawi yaitali. Pamenepo munthuyo apatsidwe kalata yofotokoza zimene akumunenera, aonetsedwe umboni, aloledwe kuyankhula ndi kubweretsa mboni zake, afunse mafunso omuneneza pokhapokha pali chifukwa chomveka chomuletsera, aweruzidwe ndi anthu osakondera, ndipo pomaliza alandire chigamulo cholembedwa chokhala ndi zifukwa zake. Mu 1973, pa mlandu wa Gagnon ndi Scarpelli, bwalo lomweli lidapereka chitetezo chofanana kwa anthu amene amapatsidwa chilango chokhalira kunja akuyang'aniridwa.

Chigamulo cha 1972 sichidathetse funso la masiku a kunja, ndipo malamulo adapitirira kusiyana. Pa milandu ya boma lalikulu la America, lamulo la 1976 lidati masikuwo aziwerengedwa, kupatula ngati munthu wapezeka ndi mlandu watsopano woyenera ndende kapena wathawa dala womuyang'anira. Lamulo lina la 1984 lidathetsa parole pa milandu ya boma lalikulu yopalamulidwa kuyambira pa 1 Novembala 1987, ndipo m'malo mwake mudalowa nthawi yoyang'aniridwa munthu atamaliza ndende. Wophwanya malamulo ake amabwezedwa osawerengeredwa masiku amene adakhala kunja. Ku England, masiku amene mkaidi wakhala kunja pa chilolezo amawerengedwa, koma akaitanidwa kuti abwerere iye n'kubisala, masiku obisalawo sawerengedwa. Mu 2021 chigawo cha New York chidakhazikitsa lamulo lakuti wophwanya malamulo a parole popanda kupalamula mlandu watsopano asatsekeredwe kupitirira masiku 30, ndiponso kuti wosunga malamulo masiku 30 azichotseredwa masiku 30 pa nthawi yake yoyang'aniridwa.

Pa zonsezi pali kusiyanitsa kumodzi kumene anthu adachedwa kukuzindikira. Kuthyola nyumba kapena kuvulaza munthu uli pa parole ndi mlandu watsopano, umene umabweretsa chilango chakechake, nthawi zina choyamba pamene chakale chathera. Kuchedwa kukaonekera, kusamuka osanena kapena kuchotsedwa ntchito ndi zolakwa zimene munthu wamba sangamangidwe nazo. Lamulo loika ziwirizi m'dengu limodzi limatha kubwezera m'ndende bambo amene wayamba kudyetsa ana ake, ntchito n'kumuthera, banja n'kubalalika, boma n'kumamudyetsanso ndi ndalama za misonkho.

John Morrissey sadali munthu wopanda banga. Adavomera mlandu wa macheke, ndipo lipoti lidasonyeza kuti atatuluka adagwiritsa ntchito dzina labodza. Ngakhale bwalo lalikulu silidamutsegulire chipata tsiku lomwelo. Lidangobweza nkhani yake ku bwalo laling'ono kuti ikaunikidwenso motsata mfundo zatsopanozo. Koma chifukwa cha dandaulo la mkaidi ameneyu, kuyambira mu 1972 munthu wa pa parole ku America sangalandidwe miyezi ndi zaka za moyo wake asadafunsidwe mbali yake. Akuluakulu akale ankadziwa kuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi, ndipo pa bwalo la mfumu ngakhale wogwidwa ndi mbuzi m'manja amaloledwa kuyankhula. Zidatengera munthu wa macheke achinyengo wa ku Iowa zaka zoposa 3 kuti nzeru yomweyo ilembedwe m'malamulo a parole a dziko lake.