Mmene makompyuta a m'nyumba anatsekeredwa khomo la imelo

Mlembi wa nkhaniyi ndi wa m'badwo umene unkalowa pa intaneti kudzera pa foni ya waya. Modemu inkayamba yalira kaye isanalumikize, liwiro lake silinkaposa 56k, ndipo munthu akakhala pa intaneti foni ya pakhomopo sinkapezeka. Komatu kompyuta yochedwayo inali ndi ufulu umene ya lero ilibe: inkatha kukatula yokha imelo ku seva ya wolandira, kudzera pa khomo lotchedwa port 25, popanda mkhalapakati.

Amene anawononga mwayiwu ndi otumiza spam. Munthu ankatsegula akaunti yotchipa ku kampani ya intaneti n'kumwaza mauthenga amalonda usiku wonse. Akamutsekera m'mawa, madzulo watsegula ina. Ndipo popeza aliyense ankapatsidwa nambala ya IP yatsopano akangolumikiza, kuletsa nambala imodzi kunali kutunga madzi ndi dengu.

Ku America, bungwe la MAPS la Paul Vixie ndi Dave Rand linali litayamba kale kufalitsa mndandanda wa manambala otumiza spam. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 linawonjezera wina, wotchedwa DUL, wosiyana kwambiri ndi woyambawo. Umenewu sunkafunsa ngati munthu walakwa. Unkangosonkhanitsa manambala onse operekedwa kwa olumikiza pa foni, ndipo seva youtsatira inkabweza imelo iliyonse yochokera mwachindunji kumeneko. Wofuna kutumiza anayenera kudzera pa seva ya kampani yake. Mu 1998 panakhazikitsidwanso port 587, khomo lolowera makasitomala, ndipo pang'onopang'ono makampani ambiri anatsekeratu port 25.

Mlembiyu sakana kuti njirayi inathandiza. Mu 2003 kachilombo ka pa kompyuta ka Sobig kanasandutsa makompyuta a m'nyumba kukhala zida zomwazira spam eni ake asakudziwa, ndipo mindandanda yotereyi inatchinga zambiri. Mu 2007 bungwe la Spamhaus linatulutsa mndandanda wake, PBL, umene ukugwirabe ntchito pa ma intaneti a masiku ano.

Chimene chimamupweteka mtima n'chakuti wosalakwa analangidwira limodzi ndi wolakwa. Wophunzira wofuna kudziwa mmene seva imayendera, kabungwe kakang'ono kosunga makalata ake okha, onsewa anakanidwa chifukwa cha mtundu wa nambala yawo, osati khalidwe lawo. Imelo inabadwa yopanda mwini, koma lero makampani ochepa monga Google ndi Microsoft ndiwo amagamula kalata yoti ifike ndi yoti itayidwe. Kuyambira mu February 2024, Gmail imafuna kuti wotumiza aliyense atsimikizidwe kudzera mu njira yotchedwa SPF kapena DKIM.

Kampani ya AOL inasiya kupereka intaneti ya pa foni ya waya pa 30 September 2025. Modemu zapita, koma chiletso chimene chinadza chifukwa cha izo chikugwirabe aliyense wofuna kuyendetsa seva ya imelo kunyumba kwake.