Baji ya Adric

Usiku wina magetsi atathima, kukutentha mmene kumatenthera ku Karonga kuno mu Novembala, ndinayala mkeka pakhonde n'kumaonera Doctor Who pafoni. Magawo akalekale amenewa anandiponyera ndi mnzanga wa ku koleji. Tsikulo ndinafika pa nkhani ya Earthshock, imene BBC inaonetsa mu 1982.

M'nkhanimo muli mnyamata dzina lake Adric, amene ankasewera ndi Matthew Waterhouse. Ndi katswiri wa masamu, ndipo pachifuwa amavala baji yooneka ngati nyenyezi imene anapata chifukwa cha masamuwo. Nkhani ikuyamba ndi mkangano. Adric akudandaula kuti Doctor samulabadira, ndiye akufuna kubwerera kwawo. Doctor akukana, akuti njirayo ndi yoopsa. Mnyamata uja akukhala pansi n'kuwerengera njira yonse, kenako akuvomera kuti kupitako sankafuna kwenikweni. Ankangofuna amuone kuti alipo.

Kumapeto, a Cybermen atsekera chombo chonyamula katundu kuti chikawombe dziko lapansi. Anthu onse akuthawamo, koma Adric akutsalira kuti amalize samu yomasula makinawo. Sakudziwa kuti chombocho chabwerera m'mbuyo zaka 65 miliyoni, ndipo m'nkhanimo ndi chomwecho chimene chinapulula madainoso. Akufa atagwira lamba wa malemu mkulu wake. Kenako mayina a osewera akuyenda. Nyimbo imene imalira kumapeto kwa gawo lililonse palibe. Pali baji ija yokha, yosweka, ndi zii.

Ndinaika foni pansi. Madainoso aja anandikumbutsa tsiku limene ndinapita ndi mng'ono wanga ku miziyamu ya pa boma pano, ali Sitandade 6, kukaona mafupa a Malawisaurus. Ine ndinkangojambula, iye ali kalikiliki kuwerenga mafupa a m'khosi mmodzimmodzi. Mwana uja masamu anali ake.

MSCE anakhoza bwino, koma ndalama kunyumba zinali zitathera pa ine. Matumba a mpunga wa Kilombero amene bambo ankagulitsa chaka ndi chaka ankalipira digiri yangayi. Iye anayamba kunena za ku Joni. Ananena miyezi itatu, pa nsima, kumunda, paliponse. Tsiku lina nditatopa ndi kusaka ntchito ndinamuyankha kuti, "Iwe, ngati ukupita uzipita, tatopa nazo." Anangoti, "Chabwino achimwene." Patatha milungu iwiri anakwera basi.

Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ankafunadi kupita, kapena ankadikira kuti wina amufunse kuti, nanga sukulu yako titani?

Chimene chinandipweteka kwambiri si imfa ya Adric, koma nkhani yotsatira, Time-Flight. Tegan ndi Nyssa akuchonderera Doctor kuti abwerere, poti makina oyenda m'nthawi ali nawo. Iye akukana, akuti pali malamulo amene sangaswe. Pasanapite mphindi zingapo ali pa Heathrow, akufufuza ndege ya Concorde yosowa. Ndinapsa mtima. Mwana wafa dzulodzuloli, inu mwayamba kale zina?

Koma ndinaganiza za kwathu, mtima unagwa. Mlungu umene mng'ono wanga anachoka, ife tinapita kukamweta mpunga. Miyezi yoyamba ankatumiza mavoisi pa WhatsApp, kenako mwa apo ndi apo, kenako zii. Tsopano chaka chatha. Amayi dzina lake salitchula, koma chipinda chake amasesa Loweruka lililonse, ndipo kalikuleta yake ili pawindo pomwe anaisiya. Bambo akamva kuti wina wabwera kuchokera ku Joni amavala shati yabwino, amati akukangoyenda.

Opanga filimu ija anamupatsa Adric kamphindi kachete, dziko lonse la Britain likuona baji yake. Ife wathuyu sitinamupatse ngakhale kamphindiko, chifukwa munthu wamoyo salira maliro, ndipo kukhala pansi n'kumukamba kuli ngati kumulosera zoipa. Ndiye timangopitiriza, monga Doctor uja ndinamukwiyira.

Usiku womwewo ndinamulembera. Ndinamuuza kuti ndayamba kuphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti, ndalama ndi zochepa koma fizi ya chaka choyamba tingayesere limodzi. Ndinawonjezera kuti mawu aja ndinalakwitsa. Uthengawo uli ndi tiki imodzi. M'mawa uliwonse ndisanasambe ndimayamba ndaona kaye.