Nawonso aonetse chitupa

Foni ya azakhali anga inasiya kulandira makalata mu December 2022, patatsala masiku atatu kuti bungwe la maliro likumane. Azakhaliwo ndi msungichuma wa bungweli ku Lydiate, kufupi ndi Norton, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi amene makolo awo ankagwira ntchito m'mafamu. Mwezi uliwonse amalandira pa imelo mndandanda wa ndalama zimene ana a mamembala atumiza kuchokera ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo amauwerenga pamaso pa anthu. Msungichuma akabwera pamsonkhano chimanjamanja, manong'onong'o sachedwa kuyamba.

Ndisanafike n'kuti atapita kale nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku Katanga. Iye anawaonetsa kabokosi kena mkati mwa pulogalamu ya imelo, n'kuwauza kuti akangochongapo makalata ayambiranso kulowa. Azakhali sakhudza chinthu chimene sachimvetsa, makamaka pakakhala ndalama za maliro. Anabwerera nayo kunyumba n'kundidikira.

"Iwe wasukulu, tandiwerengere. Akuti chiyani apa?"

Uthengawo unali m'Chingerezi, ndipo ndinauzindikira msanga, chifukwa mwezi womwewo ndinkamasulira m'Chichewa mawu a pulogalamu ina yotumizira mauthenga. Foniyo inkanena kuti siikukhulupirira satifiketi ya seva. Kabokosi ka mnyamata uja kankatanthauza kuti: landirani satifiketi iliyonse, osafunsa.

Liwu lakuti satifiketi linali litandisowetsa mtendere kwa masabata awiri. Kwa Achewa ambiri satifiketi ndi pepala la sukulu lopachika pakhoma, kapena la ukwati. Chimene makinawa amaonetsana ndi china. Foni ikafuna kutenga makalata, imagogoda pa kompyuta yaikulu yosunga makalatawo, imene amaitcha seva. Njira ya pakati pa ziwirizi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri: mwini Wi-Fi, kampani ya mafoni, eni zingwe zodutsa malire a mayiko. Choncho zimagwirizana kaye kiyi wachinsinsi, kuti aliyense womvetsera panjira angomva phokoso lopanda tanthauzo. Dongosolo limeneli limatchedwa TLS. N'chifukwa chake pokonza imelo mumaona manambala ngati 993 polandira makalata ndi 465 potumiza: ndi makomo amene kukambirana kumayamba kutatsekedwa kale.

Koma kunong'oneza sikuthandiza ngati khutu limene mukunong'onezalo ndi la wakuba. Motero foni isanaulule dzina lanu ndi mawu anu achinsinsi, imauza sevayo kuti idzionetse. Seva imatulutsa chikalata cholembedwa dzina lake, tsiku limene chinayamba kugwira ntchito, tsiku limene chidzathe, ndi siginecha ya bungwe limene likuichitira umboni. Foni ili ndi mndandanda wa mabungwe amene inauzidwa kuwakhulupirira. Imaona ngati dzina likugwirizana, ngati masiku sanapitirire, ndiponso ngati siginechayo ikulondoleka mpaka kufika pa limodzi la mabungwe aja.

Liwu loyenera ndinkalidziwa kuyambira tsiku loyamba, koma ndinkalizemba. Ndi chitupa.

M'banja mwathu liwu limeneli sitilitchula mosangalala. Agogo aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo moyo wawo wonse ankayenda ndi kapepala m'thumba la malaya koti aonetse mzungu, kapitawo kapena wapolisi akafunsa. Ana awo anabadwira konkuno, koma zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Mu 2000 mafamu atayamba kulandidwa, ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu amene sanaonepo Malawi anauzidwa kuti akane kaye unzika wa Malawi mwalamulo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anavomereza kuti munthu wobadwira muno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, komabe azakhali anaima pamizere kangapo chitupa chawo chisanasinthidwe. Ine ndinakula ndikumva mawu akuti "mabhurandaya" pabwalo la sukulu.

Ndiye kunena zoona, kabokosi kaja kanandikoka mtima. Landirani aliyense, osafunsa pepala: si zimene tinkapempha zaka zonsezi?

Ndinakumbukira nkhani ya DigiNotar, kampani ya ku Netherlands imene inali pamndandanda wa okhulupiriridwa. Mu 2011 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta ake n'kudzilembera masatifiketi abodza oposa 500, kuphatikizapo ya Google. Anthu pafupifupi 300,000, ochuluka a ku Iran, ankalowa mu Gmail akuganiza kuti akulankhula ndi Google, chonsecho pakati panali munthu wina amene akanatha kuwerenga zonse. Zitadziwika, opanga mapulogalamu anaichotsa kampaniyo pamndandanda, ndipo mu September chaka chomwecho inagwa. Wakubayo anachita kuthyola kampani yonse kuti apeze chikalata chabodza. Amene wachonga kabokosi kaja wamupeputsira ntchito: aliyense wokhala pakati panjira angathe kudzilembera yekha chikalata, foni n'kumupatsa mawu achinsinsi ndi manja awiri.

Apa m'pamene ndinaona chimene ndinkachiphonya. Pachipata cha famu, wamphamvu ndiye ankafunsa pepala, wosauka n'kumapisa m'thumba akunjenjemera. Muno zinthu zatembenuka. Kafoni kong'aluka galasi, ka mayi wa ku Lydiate, ndi kamene kakuimitsa kompyuta ya kampani yaikulu ya kutsidya kwa nyanja n'kuiuza kuti: musanamve za ndalama zathu, tionetseni chitupa. Ndipo ikalephera, kafoniko kamatseka chitseko.

Ndinawafotokozera azakhali motero. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye kuti wapolisi ndine?"

"Ndinu, azakhali."

"Nanga bwanji wapolisi wanga akubweza anthu oti anawalola mwezi watha?"

Funso limenelo ndi limene linatipezetsa vuto. Ndinayang'ana pamwamba pa galasi: foni inkati tsikulo ndi 1 January 2015. Nyengo imeneyo madzi anali atachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Batire linatheratu, mwana wina analichotsa n'kulibwezera, wotchi n'kubwerera mmbuyo, ndipo sinadzikonze chifukwa malo oti izitenga nthawi pa netiweki anali ozimitsidwa. Masatifiketi ambiri sakhalitsa. A bungwe la Let's Encrypt, mwachitsanzo, ankagwira ntchito masiku 90 okha. Foniyo inkaona chikalata cholembedwa 2022 iyo ikudziwa kuti tili mu 2015, ndipo inachikana ngati chabodza. Seva inalibe mlandu. Wapolisi ndiye anasokoneza kalendala. Titakonza tsiku, makalata 14 analowa motsatizana, mndandanda wa ndalama uli pomwepo.

Sindikufuna kukometsa nkhaniyi mopitirira. Mndandanda wa mabungwe okhulupiriridwa sanaulembe azakhali, ndipo sanafunsidwe. Komanso umakalamba limodzi ndi foni. Mu 2024, mafoni a Android akale kuposa 7.1.1, imene inatuluka kumapeto kwa 2016, anasiya kuzindikira masatifiketi a Let's Encrypt, chifukwa dzina la bungwelo mulibe mumndandanda wawo. Mafoni otero sali m'maofesi a ku Harare. Ali m'makomboni, ogulidwa kwa wina amene anagulanso kwa wina. Mwini wake akatopa ndi machenjezo amaphunzira kungodina "pitirizani", ndipo tsiku limene chenjezo lidzakhale loona adzadinanso chimodzimodzi. Ndipo loko sathandiza msewu ukatsekedwa: mu January 2019 boma litalamula kuti intaneti izimitsidwe, tonse tinangokhala chete, ndipo pa 21 January Khoti Lalikulu linagamula kuti nduna imene inalamula inalibe mphamvu zotero.

Pa Khirisimasi, mwana wa azakhali amene amasonkhanitsa ndalama za a ku Johannesburg anabwera kudzacheza. Ndinawaonetsa awiriwo chinthu china. Kuyambira mu April 2016, uthenga wa pa WhatsApp umatsekedwa pa foni ya wotumiza n'kukatsekulidwa pa foni ya wolandira basi. Anthu awiri alionse ocheza ali ndi nambala yawoyawo ya madijiti 60, ndi kachithunzi ka QR koimira nambalayo. Mukakhala pamodzi, wina amajambula kachithunzi ka pa foni ya mnzake, ndipo zikagwirizana mwatsimikiza kuti pakati panu palibe wachitatu. Apa sipafunika bungwe la kunja lochitira umboni. Mboni ndi maso anu. Anachita zimenezi atakhala pamkeka, mbale za nsima zisanachotsedwe. Tinayatsanso chenjezo loti nambalayo ikasintha foni izinena.

"Ikadzasintha mudzatani, amayi?" anafunsa mwana wawoyo.

"Ndidzakuimbira ndimve mawu ako. Ukadzalephera kutchula mudzi wa agogo ako, ndalama sizidzachoka."

Nditabwerera ku ntchito yanga yomasulira, ndinafufuta liwu lakuti satifiketi paliponse. Chenjezo lija tsopano limati: "Chitupa cha seva iyi sichikutsimikizika. Onani kaye ngati tsiku ndi nthawi pa foni yanu zili zolondola." Pansi pa kabokosi kaja ndinalemba kuti: "Mukachonga apa, foni yanu isiya kufunsa amene ikulankhula naye." Amene ankayang'anira ntchitoyo anandifunsa ngati liwu lakuti chitupa silikhumudwitsa anthu. Ndinamuyankha kuti kwathu limapweteka ndithu, n'chifukwa chake palibe amene angalidumphe osaliwerenga.