Mulu wa Usipa ndi Nkhondo ya Kutali

Loŵeruka lina m'mwezi wa Julayi 2022, mwera ukuwomba, tidatsikira ku msika wa Nkhata Bay kukagula ndiwo. Ufa wa kondowole udalipo kale kunyumba, chidatsala ndi usipa basi. Tidalunjika kwa mayi ena amasiye amene takhala tikugula kwa iwo zaka zambiri, amenenso mwana wawo adali m'kalasi lathu. Tidapeza mulu wa usipa wachepa, koma mtengo wake wakwera. Tidapsa mtima, ndipo pamaso pa anthu tidati, "Mayi, dyera lotereli silikuyenerani. Kodi usipawu wayamba kubwera pa ndege?"

Mayiwo sadatibwezere mwano. Adaŵerama nati, "Pepani aphunzitsi. Tsikirani ku doko mukafunse eni ake a injini. Ine ndangopikula."

Akulu adati safunsa adadya phula. Tidatsikiradi ku doko, ndipo kumeneko tidapeza mnyamata wina amene tidamphunzitsa kale. Tsopano ndi siginala, ndiye kuti munthu amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku kuitanira usipa ku khoka la chilimira. Iye adati, "Bambo aphunzitsi, usipa uli kutali. Boti limapita pakati pa nyanja ndi injini, ndipo injini imamwa petulo, tiphe tisaphe. Mwini boti amayamba wachotsa ndalama ya mafuta, yotsalayo ndiyo timagaŵana. Tikagulitsa pa mtengo wakale, maŵa sitipita pa nyanja." Apo tidazindikira kuti mayi aja adagula usipawo uli wokwera kale, ndipo phindu lawo lidali lochepa kuposa kale.

Tsono chidakweza petulo n'chiyani? Aŵerengi okondedwa, dziko lathu la Malaŵi lilibe zitsime za mafuta. Mafuta amene timathira m'galimoto, m'chigayo cha dizilo ndi m'injini ya boti amabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndiponso Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchokera kumeneko amayendanso ulendo wautali wapamtunda. Sitiŵagula ndi kwacha ayi, koma ndi madola a ku America. Motero bungwe la MERA, limene limaika mitengo ya mafuta m'dziko muno, limayang'ana mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse lapansi, ndalama zoŵanyamulira, ndi mphamvu ya kwacha.

Pa 24 Febuluwale 2022 asilikali a Russia adaloŵa m'dziko la Ukraine. Russia ndi limodzi mwa maiko atatu otulutsa mafuta ambiri pa dziko lapansi, ndipo ogula adachita mantha kuti mafuta asoŵa. M'mwezi wa Malichi mgolo umodzi wa mafuta osayenga, umene ndi malita 159, udapitirira madola 120. M'mwezi wa Meyi kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Petulo amene kumayambiriro kwa chaka adali pa K1,150 lita imodzi, pofika kumapeto kwa Juni adali pa K1,999. Umo ndimo nkhondo ya ku Ulaya idayendera mpaka kudzachepetsa mulu wa usipa pa msika wathu.

Zoterezi sizidayambe lero. Makolo athu ankasimba za chaka cha 1973. M'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho kudabuka nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Egypt ndi Syria, ndipo maiko a Aluya adachepetsa mafuta, nakana kugulitsa kwa maiko amene ankathandiza Israel. M'miyezi yoŵerengeka mgolo udachoka pa madola atatu kufika pafupifupi madola 12. Mu 1979 boma la ku Iran litagwa, mitengo idalumphanso.

Imene tidaiona ndi maso athu tili ana a sukulu ndi nkhondo ya ku Mozambique. Pofika 1984 njanji za ku Beira ndi Nacala zidali zitatsekeka, ndipo mafuta ankazungulira pa msewu kuchokera kutali monga ku Durban, ndipo pambuyo pake ankadzeranso ku Dar es Salaam. Ife sitinkadziŵa zonsezo. Tinkangodziŵa kuti mayi athu ankazimitsa koloboyi msanga, ngakhale tisanathe kuŵerenga, chifukwa botolo la palafini lidayenera kufika kumapeto kwa mwezi. M'nyengo yomweyo, mu 1982, ku Dwangwa kudatsegulidwa fakitale yopanga mafuta a ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kuti aziŵasakaniza ndi petulo, dziko lichepetseko mafuta ogula kunja.

Komabe si nkhondo yokha imene imakweza mitengo. Aliyense wa pa Nkhata Bay adziŵa kuti tsiku limene opikula a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe achuluka pa doko, usipa umakwera ngakhale nyanja ili bata. Msika wa mafuta nawo uli chimodzimodzi. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 maiko a China ndi India adamanga mafakitale ambiri ndi kugula magalimoto ochuluka, ndipo mu Julayi 2008 mgolo udafika madola 147. Koma mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, ogula adasoŵa, mtengo udagwa, kotero kuti eni ake adasoŵa ndi posungira pomwe. Ogula akachuluka mtengo umakwera, katundu akachepa umakweranso. Nkhondo imachepetsa katundu, kapena kutseka njira imene amadzera.

Sitikunena kuti wamalonda aliyense ndi wolungama ayi. Tidaona m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kumapeto kwa 2022, mizere ya magalimoto ikugona pa malo omwetsera mafuta, pamene anthu ena ankabisa mafuta m'zigubu n'kumagulitsa mseri pa mtengo wofinya anzawo. Khalidwe limenelo ndi loipa, ndipo tiyenera kulidzudzula poyera. Koma mayi wogulitsa usipa, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndi kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu, kaŵirikaŵiri amangosenza katundu amene ŵasenzetsedwa. Popeza ndiwo amene tili nawo pafupi, ndiwonso amene timaŵalalatira.

Lolemba lake tidapachika mapu a dziko lapansi pa bolodi. Tidauza ana kuti aloze ndi chala kuchokera ku Ukraine, atsike ku maiko a Aluya, adutse nyanja ya India, afike ku Beira, kenaka akwere mpaka pa doko lathu. Mwana wa mayi aja ndiye adapeza Beira msanga. Makolo anzathu, tiyeni tizikamba zimenezi ndi ana athu pamene tikumvera nkhani pa wailesi, kuti asamayese nkhondo yakutali ngati seŵero la anthu ena. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, musanyoze phunziro la mapu ndi la masamu, pakuti ndilo limafotokoza chifukwa chimene makolo anu amachepetsera ndiwo m'mbale.

Madzulo ake tidabwerera ku msika. Kudali kovuta ndithu kwa munthu wa msinkhu wathu, mkulu wa mpingo, kupepesa pomwe paja tidalakwirapo, amayi anzawo akumva. Tidati, "Mayi, tidakulankhulirani zosayenera tisanafunse. Tikhululukireni." Iwo adaseka pang'ono nati, "Zatha aphunzitsi, nafenso zikutiŵaŵa." Tidagula milu iŵiri pa mtengo umene adatchula. Pomanga, adatapa kausipa kena natiikira basera, ndipo tidachita manyazi kukana.