Kuno ndi Kutsidya kwa Msewu wa Lizulu

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu waukulu wa M1 umayenda pamalire penipeni. Wochokera ku Lilongwe kulowera ku Blantyre amakhala ndi Malawi kumanzere, Mozambique kumanja, ndipo pamsika wa Lizulu mayi wogulitsa kabichi akhoza kulowa m'dziko lina pongofuna kukasinthitsa ndalama kwa mnzake. Malirewa anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lawo la 1891, potsata mtunda umene umagawa madzi a mvula, ndipo eni nthaka sanafunsidwe. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri anangopitiriza kukwatirana, kuikirana maliro ndi kuyankhula chiyankhulo chimodzi. Kwa zaka zambiri msewuwo sunali kanthu koposa msewu. Nkhondo ndiyo inaupatsa tanthauzo.

M'mudzi wina wa ku Angonia, kufupi ndi phiri la Domwe, munabadwa anyamata awiri a bere limodzi. Wamkulu anakwatira konko. Wamng'ono anakalowa chikamwini kummawa kwa msewu, m'boma la Ntcheu, ulendo wapansi wa maola atatu okha. Masiku amenewo womvetsa chisoni anali wamng'onoyo. Ankalima kandime ka apongozi ake kosakwana maekala awiri, pamene mkulu wake anali ndi munda wotopetsa kuuzungulira, ng'ombe m'khola, ngolo, ndi mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba. Nthaka ya ku Angonia ndi yachonde ndipo malo analipo ambiri. Akachezerana, wonyamula thumba la mbatata ya kachewere pobwerera anali wa ku Malawi.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo pasanathe zaka ziwiri nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba. Ku Angonia inafika mochedwerapo, ndipo sinayambe ndi kulira kwa mfuti. Choyamba kusowa chinali mchere. Kenaka sopo, mafuta a nyale, nsalu, mpaka anthu ena anayamba kuvala ziguduli. Sitolo zinatsekedwa chifukwa magalimoto a katundu ankawotchedwa panjira. Mphunzitsi anachoka usiku osatsanzika, namwino naye chimodzimodzi, poti a Renamo, amene anthu ankawatcha Amatsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, ankaona sukulu ndi chipatala ngati nkhope ya boma. Boma nalo linkakakamiza anthu kusiya midzi ya makolo awo kuti akakhale m'midzi yoikika, kutali ndi minda yawo. Munthu wamba anatsala pakati. Akadyetsa awa masana, usiku anali mdani wa awo, ndipo kukana kudyetsa sikunali m'mphamvu zake.

Chimene wamkulu uja amachikumbukira koposa ndi tulo. Kwa miyezi yambiri banja lake linkadya dzuwa lisanalowe, kuzima moto, n'kukagona m'tchire la m'mphepete mwa dambo, m'nyengo yozizira ya kumapiri kuja imene ngakhale m'nyumba munthu amafuna mabulangete awiri. Galu wake anamupha yekha poopa kuti kuuwa kwake kungawaulule. Mwana wakhanda akayamba kulira, mayi ake ankamutseka pakamwa ndi bere ngakhale linalibe mkaka. Usiku womwewo, kutsidya kwa msewu, mng'ono wake ankagona pamphasa m'nyumba yodontha, njala ili m'mimba nthawi zina, koma ankagona mpaka tambala.

M'chaka cha 1986 nkhondo inakula kwambiri m'zigawo za Tete ndi Zambezia, ndipo anthu anakhamukira ku Malawi. Pamene chiwerengero chawo chinafika pachimake, othawa nkhondo anali pafupifupi miliyoni imodzi, m'dziko la anthu okwana ngati mamiliyoni asanu ndi atatu. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni boma. Kumeneko kunali misasa ikuluikulu monga Mankhokwe, koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanalowe mumsasa: anangofikira kwa abale, nyakwawa n'kuwaloza pomanga kanyumba. Wamkulu uja anafika mbandakucha, ng'ombe zonse zitatengedwa, atanyamula khasu, poto ndi ana anayi.

Usiku woyamba mng'ono wake anamupeza atakhala tsonga pakhonde. "Achimwene, lowani m'nyumba mugone. Kuno mfuti kulibe." Iye anati, "Ndamva, mng'ono wanga. Koma makutu angawa sanamvebe." Panatha miyezi asanazolowere kugona atavula nsapato.

Apa ndi pamene kusiyana kwa maiko awiriwa kunaonekera bwino, ndipo sikunali pa chuma. Mudzi wa wamng'onoyo unali wosauka ndithu. Chimene unali nacho ndi mawa odalirika. Wobzala chimanga mu Disembala ankadziwa kuti, mvula ikalola, adzakolola yekha mu Meyi. Wowotcha njerwa ankayembekeza kudzagona m'nyumbamo. Mwana wolowa Sitandade 1 ankapeza mphunzitsi yemweyo chaka chotsatira, ngakhale kalasi inali pansi pa mtengo ndipo fizi inkavuta. Kusikelo ya ana kunali katemera wa chikuku. Basi inkadutsa, kalata inkafika, msika wa ADMARC unkatsegulidwa. Zinthu zimenezi n'zazing'ono moti mwini wake sankaziwerengera n'komwe. Anayamba kuziona poona mmene mkulu wake ankaziyang'anira. Munthu amene sadziwa kumene adzagone sabata yamawa sabzala mtengo, sasunga mbewu yambiri, nkhuku amaidya lero. Anthu ena ankati alendowo ndi osasamala za m'tsogolo, pamene anali atangophunzira, mowawa, kuti chosungidwa chimadyedwa ndi wamfuti.

Komabe mtendere wa kummawa kwa msewu unali ndi minga yake, ndipo kuubisa kungakhale kunama. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr. Kamuzu Banda, munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika, ndipo mawu olakwika pamowa ankatha kum'fikitsa kundende popanda mlandu kuzengedwa. Atsogoleri ankakonda kutchula bata ndi mtendere pamodzi ngati mapasa, koma mawu awiriwa sali amodzi. Bata ndi la nyanja pamene mphepo yaleka, ndipo likhoza kukhalapo chifukwa choti aliyense akuopa kutsokomola. Mtendere umafuna kuti mtima nawo ukhale pansi. Akuluakulu a pa Lizulu ankakumbukiranso kuti msewu womwewo unawolokedwapo chobwerera: a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa m'Malawi mu 1967, anathawa mazunzo m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, ena kupita ku Zambia, ena kukabisala ku Mozambique komweko. Wamkulu uja ankamvetsera madandaulo a mng'ono wake onenedwa monong'ona, n'kuvomereza kuti n'zoona, koma ankati mantha amene amakuuza malamulo ake ndi opepukirapo kusiyana ndi mantha opanda lamulo lililonse. Mng'ono wakeyo sankagwirizana nazo kwenikweni, ndipo nkhaniyo sanaimalize.

Nkhondo ya mnansi inalowanso m'thumba la Mmalawi aliyense. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaonongedwa, katundu wambiri ankazungulira kudzera ku Durban, ndipo mitengo ya feteleza ndi mafuta inakwera. Maiko oyandikana nawo ankaimba Malawi mlandu wothandiza Renamo, moti mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukaonana ndi Kamuzu pa nkhaniyo. Mwezi wotsatira Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Pambuyo pake asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sanabwereko.

Amati mlendo ndi mame, koma mame awa anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Mapiri anayera chifukwa cha nkhuni, pachitsime panali mikangano, ndipo panabuka chinthu china chovuta kuchinena pakati pa abale. Wothawa nkhondo anali ndi khadi lolandirira ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere kuchokera ku mabungwe othandiza. Mwini mudzi analibe. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, utsi unkafuka kunyumba ya mlendo pamene kwa mwini malo kunali zii. Mkazi wa wamng'ono uja ankapita ndi kambale kukagogoda: "Alamu, tibwerekeniko ufa pang'ono, ana agona ndi njala dzulo." Ankapatsidwa mosanyinyirika, koma onse awiri ankachita manyazi, wina poti akupempha kwa amene anamusunga, wina poti akudya bwino pamalo pa eni. Chilala cha 1992 chinakulitsa zimenezi, ndipo si Amalawi ochepa amene anadzilembetsa ngati a ku Mozambique kuti apeze khadi.

Chimene khadi silikanatha kubweza ndi maliro. Mayi wawo wokalamba anakana kuthawa, nati sangasiye manda a abale ake. Anamwalira nkhondo ili mkati, ndipo uthenga unafika kwa ana ake patatha miyezi iwiri, kudzera mwa munthu wokaba chinangwa m'munda wake womwe usiku. Amene anamuika sakudziwika bwino. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kumeta. Wamng'onoyo, amene sanamvepo mfuti ikulira pafupi, nkhondo inam'peza pamenepo.

Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome, nkhondo itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Wamkulu uja anabwerera chaka chotsatira, chaka chimene Amalawi nawo anavota pa 14 Juni kusankha zipani zambiri. Pamudzi pake anapazindikira ndi mitengo ya mapichesi yokha. Ankayenda moponda m'mapazi a amene wadutsa kale, chifukwa mabomba okwirira pansi sadziwa kuti nkhondo yatha. Mozambique inalengezedwa kuti yawachotsa onse odziwika mu 2015, patapita zaka 23.

Ana ndiwo anasenza kusiyanako nthawi yaitali. Mwana wake wamwamuna anali atafika Sitandade 6 ku Malawi, akuphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Kwawo anapeza sukulu ya Chipwitikizi, imene inafuna kuti ayambirenso pansi pamodzi ndi tiana. Anasiya. Mnzake wobadwa naye chaka chimodzi, mwana wa bambo ake aang'ono, anapitirira mpaka kukhala mphunzitsi. Nzeru zawo zinali zofanana, ndipo kunena zoona wa ku Angonia ndiye ankakhoza masamu.

Nthaka yokha ndiyo inapindula ndi kugonera. Itapuma zaka zonsezo inabereka modabwitsa, ndipo pa njala ya 2002 wamng'ono uja ndi amene anakwera njinga kuwoloka msewu kukapempha chimanga. Anabwerako ndi matumba awiri, ndipo mkulu wake anakana ndalama. Khola linadzazanso pang'onopang'ono. Koma nyumba ya njerwa anazengereza nayo zaka zoposa khumi, ngakhale ndalama anali nazo, ndipo atamanga anaika zitseko ziwiri, china choyang'ana kudambo.

Kumayambiriro kwa 2016 kunamveka kuti kumenyana kwayambiranso m'madera ena a Tete, ndipo anthu oposa 10,000 athawira pamudzi wa Kapise m'boma la Mwanza, kumene pambuyo pake ena anasamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno. Ku Domwe kunali phee, ndipo ana ake anamuuza kuti zimenezo zili kutali. Iye sanatsutse. Anagulitsa ng'ombe ziwiri, ndalamazo n'kuzisintha kukhala makwacha pa Lizulu, nakazipereka kwa mng'ono wake kuti amusungire. Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade atasainirana pangano lina mu Ogasiti 2019, mng'ono wakeyo anatumiza uthenga woti abwere adzatenge ndalama zake, poti kwacha ikutha mphamvu. Yankho linabwera ndi mdzukulu wokagulitsa mbatata kumsika: agogo akuti zikhale konko kaye.