Ngolo Yaikuru Inandiphunzitsa

Abale anga a pa mgodi, ine ndine kalaliki, ndikhala ku Entumbane, Bulawayo. Ambiri a inu mumandifunsa ngati nkwabwino kugulitsa ngolo yaing'ono yokokedwa ndi galimoto ndi kugula yaikuru. Imvani zimene ndinaona ine.

Ine ndi acimwene anga tinali ndi kangolo ka matayala awiri, kotengera katundu wa anthu kucokera ku Johannesburg, monga acitira omalayitsha. Sikanatibvute konse. Koma dyera linatigwira, ndipo tinagula ya matayala anai yopanda mabuleki. Galimoto inali yakale yomweyo.

Tsiku lina, titapitirira Gwanda, tinafika potsetsereka. Acimwene anaponda buleki, koma ngolo inakankha galimoto mpaka tinagwera m'ngalande. Ife tinapulumuka, koma kabati ya mai wina inasweka, ndipo malipiro anga a miyezi iwiri anathera pomwepo.

Tsono musanagule, yambani mwafunsa kulemera kumene galimoto yanu ikhoza kukoka. Ku South Africa ngolo yopitirira makilogalamu 750, pamodzi ndi katundu wace, iyenera kukhala ndi mabuleki. Yang'ananinso matayala ndi cokolera. Kumbukirani kuti katundu munyamulayo ndi thukuta la mnzanu.